Buffalo, Mzinda wa pa Gombe la Nyanja ya Erie, ndi Cisanu ca 1977

M'mwezi wa Januwale, pamene muno m'Zambia mvula ili pakati ndipo alimi ali kalikiliki kupalira cimanga, maiko a kumpoto kwa dziko lapansi amakhala pakati pa nyengo ya cisanu. Dzuwa lituluka mocedwa ndi kulowa msanga, mitengo yambiri iyoyola masamba, ndipo m'malo mwa mvula kumwamba kucokera cipale cofewa cimene ciyala pansi ponse mbee. Mizinda ina cipaleci cingoipitirira, koma ina ikhala pa njira yake yeni-yeni caka ndi caka. Umodzi wa mizinda yotere ndiwo Buffalo, m'cigawo ca New York, kumpoto ca kum'mawa kwa dziko la United States of America.

Dzina la mzindawu m'Cingelezi litanthauza njati. Unamangidwa pa nsonga ya kum'mawa ya nyanja ya Erie, pamene madzi a nyanjayo aturukira m'mtsinje wa Niagara. Tsidya lija la mtsinje ndi dziko la Canada, ndipo maiko awiriwa alumikizidwa ndi ulalo wochedwa Peace Bridge, umene unatsegulidwa m'caka ca 1927. Pa mtunda wa makilomita ngati 30 kutsikira kumpoto pali mathithi ochuka a Niagara. Kupyola mathithiwo madzi alowa m'nyanja ina, ya Ontario.

Cuma ca pa madzi

Mlendo wofika ku Buffalo cinthu coyamba cimene aona m'mbali mwa dooko ndi nkhokwe zazitali za simenti, zina zogwirabe nchito, zina zosiyidwa kale. Nkhokwezi ndizo mbiri ya mzindawu. M'caka ca 1825 kunatsegulidwa ngalande ya Erie, yotalika makilomita 584, yolumikiza nyanjayi ndi mtsinje wa Hudson umene utsikira ku mzinda wa New York. Kuyambira pamenepo tirigu ndi cimanga za alimi a kumadzulo zinayamba kudza pa zombo kufikira ku Buffalo, kumene zinali kutsitsidwa ndi kupakidwanso m'mabwato a m'ngalande. M'caka ca 1842 wamalonda wina dzina lake Joseph Dart anamanga makina otunga dzinthu m'zombo ndi kuzikweza m'nkhokwe, nchito imene kale amuna anali kuigwira ndi matumba pamsana.

Pambuyo pake kunadza njanji, magetsi a ku mathithi a Niagara m'caka ca 1896, ndi mafakitale aakuru osungunula zitsulo ku Lackawanna, kumwera kwa mzinda. M'caka ca 1950 m'Buffalo munali anthu 580,000. Koma m'caka ca 1959 kunatsegulidwa njira yatsopano ya zombo zazikuru yodzera mtsinje wa St. Lawrence, ndipo zombo zambiri zinaleka kuima pa dookoli. Fakitale yaikuru ya zitsulo nayo inatseka nchito zake zambiri m'caka ca 1983. Pa kalembera wa 2020 m'mzindamo munapezeka anthu 278,000.

Nyanja ya Erie ndi imodzi ya nyanja zazikuru zisanu za pa malire a Amereka ndi Canada. Zinzake ndi Superior, Michigan, Huron ndi Ontario. Utali wake ndi makilomita 388, ndipo pamene yatambasuka kopambana pali makilomita 92. Kukula kwake kuposa Kariba kanai, koma mwa zisanuzo ndiyo yosaya koposa, pakuti m'malo ambiri kuya kwake kungofika mamita ngati 19. Cifukwa ca kusaya kumeneku ifunda msanga m'nyengo yotentha, ndiponso iundana msanga m'nyengo ya cisanu. Alimi a m'mphepete mwake aidziwa bwino. Madzi asunga kutentha nthawi yaitali kuposa nthaka, kotero kuti cisanu coononga mbewu cicedwa kufika pa minda ya pafupi ndi gombe, ndipo kumwera ca kumadzulo kwa Buffalo kuli minda yaikuru ya mpesa. Komatu akuru anati walira mvula walira matope. Nyanja imene ipsetsa mphesa ndiyonso imene ikwirira nyumba.

M'mene nyanja ipangira cipale

Cipale cofewa si matalala ai. Matalala ndi miyala ya madzi imene igwa ndi mabingu nkusungunuka posacedwa. Cipale ndi nthunzi ya m'mitambo imene yaundana isanasanduke madontho, ndipo cigwa mwakacetecete monga thonje lomwazika. Kukapanda kufunda cikhala pansi milungu yambiri, catsopano ciunjikana pa cakale. Akatswiri a zanyengo ayesa kuzizira ndi madigiri, ndipo ziro ndipo pamene madzi ayamba kuundana.

Aliyense amene anafikapo pa mtsinje m'mamawa m'mwezi wa Juni anaona nthunzi ili kufuka pamwamba pa madzi. Izi zicitika pamene madzi ali ofunda kuposa mpweya wa pamwamba pake. Pa nyanja ya Erie zicitika zomwezo, koma mwaukuru. M'Novembala ndi Disembala mpweya wozizira ndi wouma wocokera ku Canada uwoloka madzi amene akali ndi kutentha kwa cilimwe. Mpweyawo umwa nthunzi, ufunda kunsi kwake, ukwera ndi kupanga mitambo, ndipo pofika pa mtunda utula katundu wake wonse. Nyanjayi inagona cotambalala kucokera kumwera ca kumadzulo kulinga kumpoto ca kum'mawa, ndipo Buffalo ali kumathero kwake. Tsono mphepo ikalunjika motsata utali wa nyanja, iyenda makilomita oposa 300 pamwamba pa madzi isanafike pa mzinda.

Mtambo wotere ukhala wautali koma wopapatiza ngati mzere. Munthu akhoza kuima pa dzuwa kumpoto kwa mzinda napenya khoma la mitambo yakuda kumwera, kumene anzake sali kuona ngakhale nyumba ya mnansi. Pa caka cimodzi, cipale cogwa pa Buffalo cikaphatikizidwa cifika pafupi-fupi mamita awiri ndi theka. Anthu a kumeneko anacizolowera. Pa khomo liri lonse pali fosholo, boma la mzinda lisunga mcere wothira m'miseu ndi magalimoto okankha cipale, ndipo ana apita ku sukulu masiku amene mizinda ina ikadatseka zonse. Analinso ndi lamulo lao limene makolo anali kuuza ana: nyanja ikaundana, cipale cacikuru catha, pakuti madzi otsekedwa ndi ayezi saturutsa nthunzi. Caka ca 1977 cinaonetsa kuti lamuloli lili ndi polekezera.

Mphepo ya kumwamba ikhota

Nyengo ya mzinda siyambira pa mzinda pomwepo. Kumwamba, pa mtunda wa makilomita ngati 10, kuli mphepo yaliwiro imene izungulira dziko kucokera kumadzulo kunka kum'mawa monga mtsinje, ndipo Azungu aicha jet stream. Mphepo imeneyi ndiyo malire: kumpoto kwake kukhala mpweya wozizira wa ku Arctic, kumwera kwake mpweya wofunda. Zaka zambiri iyenda mokhota pang'ono, kotero kuti masiku ozizira ndi ofunda asinthana. Koma m'nyengo ya cisanu ya 1976 kulowa 1977 inakhota kwambiri nikhala m'khwawa limodzi milungu yambiri. Kumadzulo inakwera kufikira ku Alaska, ndipo kum'mawa inatsika kwambiri kumwera, nitsegulira njira mpweya wa ku Arctic.

Zotsatira zake zinadabwitsa dziko lonselo. Ku Alaska, kumene kudziwika ndi kuzizira, kunali kofunda mosazoloweleka, ndipo ku California kunali cilala. Kum'mawa mtsinje waukuru wa Ohio unaundana kotero kuti pa mzinda wa Cincinnati anthu anauwoloka pansi. Pa 19 Januwale 1977 cipale cinagwa ku Miami, mzinda wa kumwera kumene kumera migwalangwa, ndipo alimi a malalanje ndi ndiwo za masamba ku Florida anataya zambiri. Gasi wofunditsira nyumba anacepa, ndipo mafakitale ndi masukulu ambiri anatsekedwa kuti wotsalayo apite ku nyumba za anthu. Jimmy Carter analumbira kukhala Pulezidenti pa 20 Januwale pakati pa mabvuto amenewa.

Ku Buffalo madzi a nyanja anafika poundana pa 14 Disembala 1976, msanga kuposa zaka zonse zimene zinalembedwa m'mabuku kufikira nthawiyo. Cinkana zinatero, cipale sicinaleke. M'Disembala yekha munagwa mita imodzi ndi theka, ndipo m'Januwale cinali kugwa pafupi-fupi tsiku liri lonse. Kuyambira Khirisimasi itangopita kufikira kuciyambi kwa Febuluwale, masiku oposa 40, kuzizira sikunakwerepo pamwamba pa ziro. Apa ndipo panagona ngozi. Zaka zina dzuwa likawala masiku awiri kapena atatu cipale cisungunuka pamwamba, ndipo usiku ciuma nkukhala cikhakha colimba. Caka cimeneco sikunafunde konse. Cipale conse cimene cinagwa pa nyanja youndanayo cinangokhala cosagwirana, couma ngati ufa woyanika pa mphasa. Nyanja yathyathyathya, yopanda mtengo kapena phiri, inasanduka nkhokwe ya cipale yopanda denga, ndipo khomo lake linapenya ku Buffalo.

Lacisanu, pa 28 Januwale

M'mawa mwa tsikulo kunali kozizira monga mwa masiku onse, ndipo anthu anapita ku nchito. Koma kumadzulo malire a mpweya wozizira koposa anali kuyenda mofulumira, napitirira zigawo za Indiana ndi Ohio. Pa 11 koloko ofesi ya zanyengo ya ku Buffalo inapereka cenjezo la cimphepo ca cipale. Nthawi inali itatha kale. Anthu a m'nyumba zosanja za pakati pa mzinda anaona khoma lotuwa lili kudza kucokera ku nyanja, ndipo lisanakwane ora limodzi mzinda wonse unamira m'menemo.

Kwa maora 13 otsatira, oyang'anira nyengo pa bwalo la ndeke sanathe kuona kanthu patsogolo pao. M'maora anai okha kuzizira kunatsika kucokera pa madigiri 3 kufika pa madigiri 18 pansi pa ziro. Mphepo inafika pa liwiro la makilomita 111 pa ora. Cozizwitsa ndi cakuti cipale catsopano cocokera kumwamba m'masiku onsewo cinali ca masentimita ngati 30 okha, cimene kwa anthu a ku Buffalo si kanthu konse. Cocuruka cinali cija ca pa nyanja. Mphepo inacisesa, nicinyamula, nicitula pa ciri conse cimene cinaima pa njira yake: nyumba, mipanda, mabasi, masitima. M'malo ena milu inafika mamita 9, kotero kuti munthu anali kuyenda pamwamba pa madenga osadziwa.

Ambiri poona mdima wa masanawo anaganiza zothamangira kwao, ndipo miseu inadzala. Woyendetsa galimoto sanali kuona ngakhale mphuno ya galimoto lake. Wina akaima, onse a pambuyo pake anali kuima, ndipo cipale cinali kuwakwirira pomwepo. Magalimoto zikwi zambiri anasiyidwa m'miseu. Usiku umenewo anthu ngati 13,000 anagona pakati pa mzinda, m'maofesi, m'masitolo, m'mahotela, m'machalichi ndi m'masiteshoni a apolisi ndi a ozimitsa moto. Moto utabuka pa mseu wa Whitney Place, ozimitsa moto anafika mobvutika, madzi anali kuundana m'mipope, ndipo nyumba zingapo zinapsa.

Tsidya lija, ku Canada, cimphepo comweco cinakantha matauni a m'mbali mwa nyanja monga Fort Erie ndi Port Colborne. Kumeneko ana a sukulu ngati 2,000 anagona m'masukulu mwao pamodzi ndi aphunzitsi, ena kwa masiku angapo, popeza mabasi sanathe kuyenda. Kumpoto ca kum'mawa, ku Watertown, zinthu zinayenda mwa njira ina. Tauni imeneyo ili kum'mawa kwa nyanja ya Ontario, imene ili yakuya ndipo siundana yonse. Mphepo yomweyo inamwa nthunzi pa madzi otseguka nigwetsa cipale catsopano coposa mita imodzi ndi theka. Cotero m'masiku omwewo nyanja youndana ndi nyanja yosaundana zonse ziwiri zinakwirira anthu ao.

Alimi a ng'ombe za mkaka a m'midzi yozungulira anali ndi tsoka lao. Ng'ombe ifunika kukamidwa kawiri pa tsiku, kugwe cimphepo kapena ai, ndipo kucoka ku nyumba kufika ku khola unali ulendo wangozi. Atakama, galimoto lodzatenga mkaka silinafike, matanki anadzala, ndipo mkaka wambiri unatayidwa pansi pamene m'masitolo a m'tauni munalibe ndi dontho lomwe.

M'mene cisanu ciphera munthu

Anthu oposa 25 anafa m'cigawo ca New York cifukwa ca cimphepoci, ndipo ena mwa iwo anapezedwa m'magalimoto ao pamene miseu inali kufukulidwa. Thupi la munthu likhala pa madigiri 37. Mphepo yozizira icotsa kutentha m'thupi mofulumira koposa kuzizira kwa bata, ndipo khungu losaphimba liuma m'mphindi zowerengeka. Kutentha kwa thupi kukatsika, munthu ayamba kunjenjemera, kenaka nzeru zisokonezeka, miyendo ilemera, ndipo afuna kukhala pansi kuti apumule. Akagona tulo timeneto kawiri-kawiri sadzukanso. M'cimphepo cotere munthu asocera pa bwalo la nyumba yake yomwe, pakuti kumwamba, pansi ndi mbali zonse zioneka zoyera cimodzi-modzi.

Wokhala m'galimoto ali ndi mdani wina. Akaliza injini kuti afunde pamene cipale catseka paipi yoturutsira utsi, mpweya woipa wopanda fungo ulowa m'kati ndi kumgoneka mpaka imfa. Ndiwo mpweya womwewo umene uturuka pa mbaula ya makala m'nyumba yotseka mazenera. Enanso, makamaka amuna acikulire, anafa ndi mtima pofosholera cipale colemera pa makomo ao.

Kufukula mzinda

Mphepo inali kuleka ndi kuyambanso kufikira pa 1 Febuluwale. Meya wa mzindawo, Stanley Makowski, analetsa magalimoto onse osafunikira kuyenda m'miseu. Nchito yotsegula njira inali yowawa, pakuti mphepo inatsendera cipale cija nicilimbitsa ngati nthaka ya pa culu. Magalimoto okankha cipale analephera, ndipo panafunika akatapila ocidula ndi kucinyamula. Asanadule, amuna anali kuyamba abaya milu ndi ndodo zazitali kufuna-funa magalimoto okwiririka. Malo otayirapo atasowa, cina cinapakidwa m'mabogi a sitima ndi kutumizidwa kwina. Asilikali anadza ndi makina ao pa ndeke kudzathandiza. Pa 5 Febuluwale Pulezidenti Carter analengeza kuti maboma 9 a m'cigawoco agwidwa ndi tsoka lalikuru, ndipo aka kanali koyamba kuti boma la Amereka licite zotere cifukwa ca cipale. Masukulu a m'mzindamo anakhala otseka pafupi-fupi milungu iwiri.

M'masiku amene boma linali lisanafike pali ponse, anthu anadzithandiza okha. Eni tinjinga ta moto toyenda pa cipale, tokhala ndi matabwa otsetsereka m'malo mwa mawilo, ananyamula mankhwala, cakudya, anamwino ndi odwala. A Red Cross ndi a Salvation Army anaphikira anthu zikwi zambiri. Mabanja anatsegulira alendo osawadziwa amene anagogoda usiku. Panalinso zoseketsa: ku malo osungirako nyama zakuthengo cipale cinafika pamwamba pa mpanda, ndipo nyama zitatu za mtundu wa agwape a kumpoto, zochedwa reindeer, zinangoyenda pamwamba pake nkuturuka kukaona tauni. Nyengo yonseyo itatha, anawerenga kuti pa Buffalo panagwa cipale coposa mamita 5, cimene sicinacitikepo ndi kale lonse.

Madzi saiwala khwawa

Zaka zinapita, ndipo ana obadwa pambuyo pa 1977 anakula ali kumva nkhaniyi kwa makolo ao. Luso lolosera nyengo linakula kwambiri. Makina a m'mlengalenga ajambula mitambo usana ndi usiku, makompyuta awerenga njira ya mphepo, ndipo cenjezo lifika pa wailesi ndi pa foni masiku angapo cimphepo cisanadze. Koma nyanja ili pomwe inali. M'Novembala 2014 mzere wa mitambo unaima pa matauni a kumwera kwa Buffalo nugwetsa cipale coposa mamita awiri m'masiku anai, pamene kumpoto kwa mzinda kunagwa cocepa. Madenga anagwa ndi kulemera kwake, ndipo anthu oposa 10 anafa.

Coopsa koposa cinadza pa 23 Disembala 2022, tsiku Lacisanunso. Ulendo uno nyanja inali yosaundana. Cimphepo cacikuru cinakula mofulumira pa dera la nyanja zazikuruzo, mvula ya m'mawa inasanduka cipale, ndipo mphepo yoposa makilomita 110 pa ora inalunjika motsata utali wa Erie. Inakankha madzi kulinga kum'mawa kotero kuti pa gombe la Buffalo anakwera mamita ngati 3, pamene ku Toledo, kumathero a kumadzulo, anaphwa. Kwa maora 37 mphepo ndi cipale sizinapume. M'masiku ocepa panagwa cipale ca masentimita ngati 130. Magetsi anazima m'nyumba zikwi zambiri, ndipo panali nthawi imene apolisi, maambulansi ndi ozimitsa moto sanathe kufika kwa owaitana, popeza magalimoto ao omwe anatitimira.

Anthu 47 anafa, ocuruka kuposa a m'caka ca 1977, cinkana cenjezo linaperekedwa masiku angapo pasadakhale. Tsikulo linali la nchito, kutatsala masiku awiri kuti ifike Khirisimasi. Lamulo loletsa magalimoto linaturuka ca m'ma 9 koloko m'mawa, pamene ambiri anali atanyamuka kale, ndipo pambuyo pake mkuru wa boma la m'deralo anabvomera kuti likadayenera kufulumirako. Ambiri mwa akufawo anali a m'makomboni a anthu osauka, kum'mawa kwa mzinda, kumene kukhala anthu akuda ocuruka. Munthu wolandira ndalama pa tsiku sangathe kujomba ku nchito cifukwa ca mau a pa wailesi, ndiponso alibe cogulira cakudya ca mlungu wathunthu nthawi imodzi. Ena anafera m'magalimoto, ena m'nyumba zopanda moto, ena pa mseu popita kukagula cakudya.

Ngakhale m'tsoka limenelo khalidwe lakale linaonekanso. Banja lina ku Williamsville linalandira alendo a ku South Korea amene basi yao inatitimira pa khomo pao, niliwasunga mpaka cimphepo citatha. Ku Cheektowaga mwamuna wina anaswa zenera la sukulu, nasonkhanitsa anthu amene anali kuzizidwa m'magalimoto ndi kuwalowetsa m'menemo, ndipo pocoka anasiya kalata yopepesa cifukwa ca zeneralo. Buffalo adzicha Mzinda wa Anansi Abwino, ndipo dzinali liyesedwa zoona pa masiku otere.

Mzinda ukonzekera

M'cilimwe Buffalo ndi malo okoma. Kamphepo ka pa nyanja kaziziritsa miseu, mabwato a matanga ayenda-yenda pa dooko, ndipo alendo opita ku mathithi aima kuona nkhokwe zakale zija. Koma mphesa zikangokololedwa m'Okutobala, maso onse apenya kumadzulo. Mcere uunjikidwa m'mashedi, makina ayesedwa, ndipo mabanja alangizidwa kusunga cakudya, madzi, mankhwala ndi mabulangete a masiku angapo. M'Disembala zombo ziyala cingwe ca zitsulo zoyandama, cotalika pafupi-fupi makilomita 3, pakamwa pa mtsinje wa Niagara, kuti ayezi wa pa nyanja asatsike ndi kutseka makina a magetsi. Nchito imeneyi inayamba m'caka ca 1964. Tsiku ndi tsiku a zanyengo alengeza kutentha kwa madzi a nyanja ndi kumene mphepo ili kucokera, ndipo anthu amvetsera monga mlimi amvetsera za mvula yoyamba.

Mibadwo iwiri ya ku Buffalo inaphunzira zinthu ziwiri. A m'caka ca 1977 anaona kuti nyanja youndana siteteza mzinda, ndipo a m'caka ca 2022 anaona kuti cenjezo lofika msanga silipulumutsa munthu amene alibe njira yolimvera. Pa masoka onse awiri, ambiri mwa opulumuka ndi amene anakhala pansi pa denga pomwe cimphepo cinawapeza, kapena amene wina anawatsegulira citseko. Ndico cifukwa cake kumeneko mphepo ikatembenukira kumwera ca kumadzulo m'Disembala, munthu wanzeru ayamba wagogoda kwa nkhalamba yoyandikana naye kufunsa ngati ili ndi moto ndi cakudya, asanatseke citseko cake.